Buku Limene Linatsutsa Amayi Anga

Mwana wanga wamkazi anabadwira ku Soshanguve, pafupi ndi Pretoria kuno ku Joni, ndipo pomwe ankayamba sukulu Chichewa chinali chitayamba kale kumuthawa. Mayi ake ndi mwana wa matchona. Makolo awo anachoka kwathu kalekale, moti pakhomo pawo Chichewa chinangotsala cha moni ndi cha pamaliro. M'nyumba mwathu munkamveka Chipedi, kusukulu Chingelezi, pamsewu chosakaniza. Ndikamulankhula mwanayo m'Chichewa ankamva ndithu, koma ankandiyankha m'chilankhulo cha mayi ake, maso ali kwina. Zinkandiwawa, sindibisa.

Panali malo amodzi okha pamene ankatsegula pakamwa m'Chichewa: m'sitima ya Loweruka m'mawa. Mayi ake ankagwira ntchito Loweruka, ndiye ine ndinkamutenga kupita naye ku Marabastad, kumene ndinkasoka makatani m'sitolo ya mmwenye wina. Ulendo wake ndi wautali, ndipo mwana akatopa amayamba kuvuta. Ndiye ndinkaika pakamwa pafupi ndi khutu lake nkunong'ona kuti, "Padangokhala." Iye ankabweza monong'ona, "Tili tonse." Tinkanong'ona chifukwa masiku amenewo kukweza Chichewa m'sitima kunali kudziitanira mavuto. Wina ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti kwerekwere, liwu lawo lonyozera alendo, ndipo pasiteshoni apolisi ankakonda kufunsa mapepala munthu amene lilime lake lamveka lachilendo. Mawu awiri aja, pamodzi ndi tinyimbo ta m'nthano timene ankayimba nane chapansipansi, ndicho Chichewa chonse chimene ine ndi iye tinali nacho.

Vuto linali lakuti nthano ndinalibe zambiri. Amayi anga sanali munthu wa nthano. Anali munthu wa ntchito ndi wa mtima wapachala, wolera ana yekha, poti bambo athu anabwera kumigodi kuno ku Joni ine ndikukwawa ndipo sanabwererenso. Nthano ankatiuza pometa basi. Ankatipana mutu pakati pa mawondo, lezala kudzanja, ndipo kuti tisagwedezeke ankayamba nthano dzuwa lili pamutu, osasamala zoti akulu amaletsa nthano masana. Ukagwedezeka, nthano inkaima, mbama nkugwa.

Imene ankaibwereza kawirikawiri inali ya munthu wokasaka mchere. Chaka china mchere unasowa m'dziko, ndipo munthu wina anasiya mkazi ndi kamwana nkupita kutsidya kwa mtsinje waukulu. Mchere anaupeza, mtolo anamanga. Eni mudzi anamupatsa chakudya ndi mpando, koma nkhalamba ina inamuchenjeza kuti adye choimirira, pakuti mpando wa m'mudzi umenewo sukhalidwa ndi mlendo. Iye anati angopumula pang'ono. Kutacha anati apita mawa. Mawa lake anatinso mawa. Mapazi ake anamera mizu, khungu linasanduka khungwa, mpaka anakhala mtengo, mtolo wa mchere uli lende panthambi. Kamwana kaja katakula kanamutsatira, kanafika pansi pa mtengowo nkuyimba:

Tate, tate, dzukani,
mchere wasungunuka,
kwathu nkutali.

Mtengo unagwedezeka, munthu uja anadzizula, mizu ikuduka, nabwerera kwawo ndi mwana wake akutsimphina. Nchifukwa chake, amayi ankatero akupukuta lezala pachitenje, amuna amakhala ndi ming'alu kuzidendene. Mwana wanga nthano imeneyi inamulowa. Tsiku limene anaimva koyamba, titafika kunyumba anandivula nsapato kuti aone ngati ming'aluyo ndili nayo, ndipo anaipeza.

Nthano zanga zitatha, ndinagula buku. Munali m'tauni, pamsewu wotsikira kusiteshoni, pamene bambo wina ankayala mabuku akale pansi pamodzi ndi magazini ndi malamba. Wogulitsayo sindinamukhulupirire. Maso ake sankakhazikika, ndipo buku lililonse limene ndinkagwira ankati ndilo labwino kuposa onse. Limene ndinatenga linalibe chikuto, masamba akumapeto anali atathothoka, ndipo linkanunkha palafini. Koma munali nthano za maiko onse, za Amwenye, za Matchaina, za anthu a kumaiko ozizira, ndipo pansi pa mutu wa nthano iliyonse analembapo dzina la dziko lake. Chingelezi ndimawerenga ndithu, ndinalekeza Fomu 2. Nzeru yanga inali yoti ndiziwerenga pa nthawi yopuma kuntchito, nkuzitembenuzira m'Chichewa m'mutu mwanga, Loweruka nkumamuuza mwana m'sitima.

Zinayenda bwino mpaka tsiku limene ndinaiwala bukulo patebulo. Mwanayo anali atadziwa kuwerenga, ndipo ankawerenga chilichonse, ngakhale paketi ya shuga. Nditabwera kuntchito ndinamupeza atakhala pakhomo, buku lili pamiyendo, nkhope itauma.

"Papa, Nyasaland nkuti?" anandifunsa m'Chipedi.

Ndinamuuza kuti ndi kwathu, dzina lakale. Iye anatsegula chakumapeto, kumene ine ndinali ndisanafike, nandionetsa. Inali nthano ya munthu wa mchere yomwe ija: mpando, mawa, mizu, khungwa. Koma mathero ake anali ena. M'bukumo mwana uja anafika pansi pa mtengo, anayimba, mtengo sunayankhe. Anapumula pamthunzi osadziwa kuti ndi bambo ake, anathyola nthambi kuti ikhale ndodo, nabwerera yekha. Pamene anathyolapo panatuluka utomoni, ndipo bukulo linati nchifukwa chake mitengo ina imalira ikathyoledwa.

"Mwandinamiza," anatero. "Sanabwerere."

Ndinapsa mtima nthawi yomweyo. Ndinati bukulo ndilo labodza, analemba ndi mzungu amene sanapondeko kwathu. Iye anati aphunzitsi amanena kuti ukafuna zoona uziona m'buku. Ndinamufunsa ngati aphunzitsi akewo anametedwapo ndi agogo ake. Sanaseke. Loweruka lotsatira, sitima itanyamuka, ndinamunong'oneza kuti, "Padangokhala." Anayang'ana pawindo. Ndinabwerezanso, ndikumugwira phewa. Anati m'Chingelezi, mokweza ngati mwana wa eni dziko, sakufuna nkhani zopeka. Ulendo wonsewo tinayenda ngati anthu osadziwana.

Pamenepo ndinalumbira kuti ndimuonetsa poyera kuti bukulo ndi lonama, apo ayi mawu awiri aja ndawataya. Ndinaganiza chonchi: ngati ananama pa ife, ananamanso pa enawo. Ndipo ku Marabastad dziko lonse lapansi limagulitsa malonda mumsewu umodzi. Safunsa anadya phula. Ndikangopeza eni nthano atatu kapena anayi okana kuti nthano zimenezi si zawo, mlandu watha.

Mnzanga wa makina oyandikana nawo anali mkulu wina wa ku Mangochi, Msilamu wosadumpha swala, telala wa manja abwino koma wokayikira chilichonse, ngakhale nyengo. Ataliona bukulo analigwira ndi zala ziwiri.

"Achimwene, buku lopanda chikuto lili ngati munthu wopanda mapepala," anatero. "Simungadziwe kumene lachokera."

Ndinamukumbutsa kuti tonse awiri chikuto tinalibe. Anangoti eish, nkupitiriza kupalasa makina.

Ndinayamba ndi amayi ake a bwana wanga, gogo wachimwenye amene ankakhala pampando kuseri kwa kauntala tsiku lonse, kuyang'anira manja athu. Ndinawapatsa moni mwaulemu, nkuwafotokozera nthano ya m'bukumo imene ankati ndi ya ku India, ya mfumu ndi mbalame yolankhula. Anandimvetsera atatsinzina diso limodzi. Nditamaliza anaitana mwana wawo nkulankhula naye m'chinenero chawo, ndipo bwana anandifunsa kuti ndikufuna chiyani kwenikweni, tchuthi kapena kukwezedwa. Ndinati ndikungofuna kudziwa ngati nthanoyo ndi yawo. Gogo uja anati sanaimvepo, ndipo India ndi wamkulu, mwina ndi ya anthu a mbali ina amene sadziwa kuphika. Kenaka anadzuka kukawerenga mipukutu ya nsalu ya pafupi ndi makina anga. Ine sindinasamale. Ndinapeza mboni yoyamba.

Wachiwiri anali Mtchaina wogulitsa mapoto ndi maambulera. Nditangolowa ndi buku m'manja, osayang'ana katundu, anasuntha nkuima pafupi ndi chitseko. Ankaganiza kuti ndine wa boma kapena kazitape wa mbava. Ndinamuonetsa chithunzi cha chinjoka cha ndevu ndi dzina la dziko lake pansi pake. Anandiyankha m'chilankhulo cha azungu a kuno kuti iye anabadwira mu Pretoria momwemo, agogo akenso ali m'manda a momwemo, ndipo njoka imene amaidziwa ndi ya kumalo osungira nyama. Anandifunsa ngati ndigula ambulera. Ameneyo ndinamuwerengera ngati mboni yachiwiri, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti ndikukokera.

Wachitatu ndiye anandisokoneza. Anali mnyamata wa ku Ethiopia wogulitsa mabulangete pafupi ndi pokwerera matakisi. Poyamba nayenso anandikayikira, anakankhira kachikwama kake kumsana. Koma nditayamba nthano ya m'bukumo, ya mkazi amene anatumidwa kukazula ubweya wa chilombo kuti akonze banja lake, nkhope yake inamasuka. Anandilanda nthanoyo pakamwa nkuimaliza yekha, ndendende mmene bukulo linalembera, mpaka maso ake anachita misozi. Anati ankawauza ndi azakhali ake. Anandipatsa khofi wowawa m'kakapu kakang'ono, ndipo ndinamwa ndili wokhumudwa. Madzulo ndinamuuza mwana wanga za gogo wachimwenye ndi za Mtchaina. Za mnyamata wa mabulangete ndinazisunga m'mimba.

Mwanayo sanagwedezeke. Anati gogo mmodzi sangadziwe nthano zonse za dziko lake, monga inenso sindidziwa zonse za kwathu. Pakamwa pamenepo anatengera amayi anga.

Nthawi imeneyo nkhani inali itayamba kuyenda pakati pa anzathu a kumudzi. Munthu woyenda kwa amwenye, kwa Matchaina, kwa anthu a mabulangete, atanyamula buku lopanda chikuto lokhala ndi zithunzi za njoka, angakhale akufuna chiyani? Mnzanga wa ku Mangochi anandikokera pambali nkundiuza kuti anthu akuti ndikusaka mankhwala olemeretsa, ndipo mabuku otere amapengetsa. Anati iye sakhulupirira, koma anasuntha mkeka wake wopempherera kuuchotsa pafupi ndi chikwama changa. Mkazi wanga naye anandifunsa kuti mankhwalawo akafuna munthu wa m'nyumba ndipereka ndani. Ankaseka, koma osati ndi maso.

Kunatsala malo amodzi amene ndinkawaopa: laibulale yaikulu ya m'tauni. Ife a mapepala okayikitsa nyumba za boma tinkaziona ngati msampha. Pakhomo pali mlonda, mkati muli anthu ofunsa dzina ndi kumene ukukhala. Koma Loweruka linkabwera nkupita, mwana ali duu pawindo, ndipo ndinaona kuti akuzolowera. Tsiku lina bwana anandituma kukapereka makatani m'tauni, ndipo pobwerera ndinazungulira pakhomo la laibulaleyo kangapo, kenaka ndinalowa.

Amene anandilandira anali mayi wachizungu wa imvi, magalasi atapachika pachingwe m'khosi. Anali waulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndiwo unandiopsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndinaika buku langa patebulo nkunena kuti ndikufuna kudziwa ngati ndi labwino kapena lonama. Anandifunsa kumene ndimachokera. Ndinanena bodza limene tonse tinkanena, kuti ndine wa dziko lomwelino, wa kumpoto ku Venda. Anayang'ana chala changa, chimene chinali chitaloza pa Nyasaland.

Anandiphunzitsa chinthu chimene ndimachigwiritsabe ntchito mpaka lero. Anati buku la nthano usamaliweruze ndi zithunzi. Uzitsegula kumbuyo kapena kumayambiriro, uone ngati wolembayo wanena amene anamuuza nthano iliyonse, mudzi wake, chilankhulo chimene anafotokozera, ndi amene anamasulira. Buku labwino limatchula mwini mawu. Loipa limangolemba dzina la dziko, ngati kuti dziko lili ndi pakamwa. Ndinasangalala. Ndinati ndiye kuti langali ndi loipa. Iye anatembenuza bukulo nkundionetsa ulusi wolendewera pamene panathothoka masamba. Anati sangaweruze, poti mbali imene ikanayankha funso langa ndi imene inasowa. Kenaka anati ndidikire, nalowa chitseko chakumbuyo.

Anakhalitsa. Ndinadziwiratu kuti akuimbira foni anthu a mapasipoti. Ndinadzuka nkukaima pafupi ndi khomo, ndikuyeza ndi maso mtunda wa pakati pa ine ndi mlonda, ndikudzitukwana kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake akagwidwe chifukwa cha nthano. Ndikanathawa, koma buku langa anali atapita nalo.

Anabwera yekha, atanyamula buku lina lakale, lachikuto cholimba, limene anati silituluka panja. Analitsegula pang'onopang'ono nkunditembenuzira. Tsamba lililonse linagawidwa pakati: mbali ina Chingelezi, mbali ina Chichewa, cholembedwa mwachikale ngati cha m'nyimbo za kutchalitchi. Pansi pake wolembayo ananena kuti nthanoyi anamuuza ndi mayi wina wa chakumapiri a ku Ntcheu. Kwathu ndi ku Balaka, mtunda woti munthu amayenda wapansi. Ndinatsitsa chala ndi tsambalo mpaka ndinafika pa kanyimbo. Mawu ake anali omwe aja a amayi, mchere wasungunuka, kwathu nkutali. Ndinathamangira kumapeto. Mwana anathyola nthambi nabwerera yekha, m'Chichewa chomveka bwino, chopanda mzungu pakati.

Mayi uja anandipempha kuti ndimuwerengere kanyimboko, poti buku analisunga zaka zambiri koma anali asanamvepo mmene kamamvekera. Ndinawerenga chapansipansi, kenaka ndinapezeka ndikuyimba. Nditamaliza anavula magalasi nkunena kuti anthu a ku Venda masiku ano akudziwa zilankhulo zambiri. Sanandifunse dzina. Anandibwezera buku langa nkunena kuti ndizibwera.

Mukuganiza kuti ndinagonja? Ayi ndithu. M'sitima pobwerera ndinapeza zifukwa zina. Azungu amakonda nkhani zachisoni zokhudza ife, mwina anasankha dala yomvetsa chisoni. Mwinanso mayi wa ku Ntcheu uja anatopa ndi mafunso, anadula nthano pakati kuti mlendoyo azipita. Munthu mmodzi yekha ndiye akanathetsa nkhaniyi, ndipo anali moyo.

Masiku amenewo kumudzi kunalibe mafoni a m'manja. Ndinkatumiza uthenga kwa achemwali anga, iwo nkuwatenga amayi kupita nawo paboma, pa kanyumba koimbira foni, tsiku ndi nthawi imene tagwirizana. Ine ndinkaimba m'kontena ya mafoni pafupi ndi kwathu ku Soshanguve. Tinkalankhulana mwa apo ndi apo, ndipo nkhani zake zinali zomwezomwezo: mvula, matenda, amene wamwalira, kenaka amayi ankafunsa kuti mdzukulu wawoyo adzamuona liti, ine nkuyankha kuti Disembala. Anali asanamuonepo chibadwire, ndipo ine chichokereni ndinali ndisanapondekonso.

Linali Lamulungu masana. Amayi ankakuwa pafoni, poti ankati Joni nkutali.

"Kwagwanji? Wamangidwa?"

Ndinati ayi, tonse tili bwino.

"Nanga mwana?"

"Ali bwino, amayi. Ndimafuna ndikufunseni kanthu. Munthu uja wa mchere, uja anasanduka mtengo, anabwerera kwawo?"

Ndinkangomva belu la njinga kumbuyo kwawo.

"Wandiyendetsa mtunda wonsewu ndi miyendo yangayi chifukwa cha nthano? Wayamba kumwa?"

Ndinawafotokozera zonse mwachidule, za buku, za mwana, za sitima. Ndinati ndikungofuna anene okha kuti bukulo lanama, ndikamuuze mdzukulu wawo kuti agogo atero. Anapuma mozama, ndipo atayambanso kulankhula sankakuwanso.

"Iwe, mtengo unauona liti ukuyenda? Sanabwerere. Amayi anga ankaimaliza choncho, amayi awonso choncho. Mwanayo anathyola nthambi nkumapita."

Ndinagwira khoma la kontena. Ndinawafunsa kuti nanga ife ankatiuziranji zina zaka zonse zija.

"Ndinali ndi mitu ya ana pakati pa mawondo, lezala kudzanja, aliyense akundifunsa kuti bambo abwera liti. Ukanakhala iwe ukanaimaliza bwanji?"

Ndinakumbukira mmene ndinkayang'anira zidendene za mwamuna aliyense wachilendo wodutsa m'mudzi mwathu, ndili kamwana.

"Za ming'alu zija?" ndinafunsa.

"Ndinapeka ndekha. Zinakoma, eti?" Anaseka pang'ono, kenaka anakhosomola. "Mwana wakoyo kanyimbo kaja amakadziwa?"

"Amakadziwa, amayi."

"Chabwino. Mwina iyeyo umumvera."

Ndinati Disembala ndikubwera. Mawuwo anatuluka okha, monga ankachitira nthawi zonse.

"Eya," anatero amayi. "Mawa." Kenaka anapereka foni kwa achemwali.

Sabata imeneyo ndinasoka makatani mokhota, mpaka gogo wachimwenye anadzuka pampando wake kudzaona chimene chandigwira. Mnzanga wa ku Mangochi anati bukulo layamba ntchito yake. Ndinkaganiza zomubisira mwanayo. Ndikanatha kunena kuti agogo atsimikiza kuti munthuyo anabwerera, ndipo iye sakanadziwa. Koma ndinkamudziwa mwana wanga. Tsiku lina akanalowa yekha mulaibulale muja.

Loweruka m'sitima tinapeza malo pafupi ndi windo. Ndinadikira kuti tidutse nyumba zomalizira za Soshanguve, kenaka ndinaweramira kukhutu kwake. Sindinanene kuti padangokhala. Ndinamuuza m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti amve liwu lililonse, kuti buku lake linanena zoona. Ndinamuuza za mnyamata wa mabulangete amene ndinamubisira, za buku la kulaibulale, ndi za foni. Ndinamuuza kuti agogo ake anasintha mathero chifukwa bambo anga anabwera kuno nkukhala pampando, ndipo ana awo tinkafunsa tsiku ndi tsiku.

Ndinkayembekezera kuti anyadira, poti wawina. Sananyadire. Tinadutsa masiteshoni angapo. Ogulitsa maswiti ndi mazira anadutsa, mlaliki wina anayamba ulaliki wake kumapeto kwa chipinda chathu, iye akuyang'ana nsapato zanga. Ndinati basi, ndamutaya. Ndamuuza zoona ndipo ndamutaya ndithu.

Kenaka anafunsa, m'Chichewa chake chopunduka chija, "Abambo, agogo ali ndi lezala mpaka pano?"

Ndinati sindikudziwa.

"Simukudziwa chifukwa simunapite."

Ndinavomera ndi mutu. Iye anawongoka pampando, anandiyang'ana m'maso, nayamba kuyimba. Sananong'one. Anayimba ndi mawu ake onse, mmene ana amayimbira pabwalo la sukulu:

Tate, tate, dzukani,
mchere wasungunuka,
kwathu nkutali.

Mitu inatembenuka. Mayi wina amene anakhala moyang'anizana nafe anakweza nsidze nkugunda mnzake ndi chigongono, ndipo ndinamva liwu lija la kwerekwere likuchokera kumbuyo. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti limutseke pakamwa, monga ndinazolowera. Ndinalibweza nkuliika pabondo. Anayimba mpaka kumapeto, nayambiranso, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinamuthandiza.

Titafika kusitolo, ndisanavundukule nkomwe makina, ndinapita kwa bwana nkumuuza kuti Disembala ndikupita kwathu ndi mwana. Sanadzutse mutu pa nsalu imene ankayeza. Anati ife Amalawi timatero chaka chilichonse, ndipo Disembala ikafika amatipeza tili pampando pomwepo. Amayi ake anandiyang'ana ndi diso limodzi lija. Ndinamuuza kuti apezeretu munthu wina wosoka makatani a Khirisimasi.